Likongwe ndi Kambewa ka M'dengu la Nsato

Padangokhala, kale nyama zikadali ndi mipando ndi maudindo, panali a Nguluwe. Ngati muli nane senderani pafupi, chifukwa ine sindibwereza.

A Nguluwe amenewa moyo wawo wonse ankafukula chinangwa m'minda ya eni ake. Tsiku lina mfumu yaikulu, a Njovu, inawaitana n'kuwapatsa unduna. Chimene anachita kuti aupeze palibe akudziwa, kungoti mlongo wawo ndiye ankafulula mowa wa kunyumba ya mfumu. Atakhala pampando anayang'ana nduna zinzawo, n'kuona kuti wamkulu weniweni amadziwika ndi kuweta chinthu chodya koma chosagwira ntchito. A Njati anali ndi nkhanga zosaikira mazira. A Mvuu anali ndi akamba khumi ongoothera dzuwa. A Nguluwe anati iwo sangaposedwe ndi anthu ngati amenewo, choncho anaweta Gondwa, Mphiri ndi Nsato, n'kuzimangira nyumba zofolera bwino, akazi awo akugona m'nyumba yodontha.

Tsono ziweto zotere sizidya gaga. A Nguluwe anakhazikitsa lamulo lakuti mtundu wa Mbewa uzibweretsa dengu la ana sabata iliyonse. Lamulolo analitcha chopereka chaufulu, ndipo wokana kupereka mwaufulu ankamugumulira una. Woyang'anira madenguwo anali kapitawo wawo, a Khwangwala a kolala yoyera aja, amene luso lawo lalikulu linali kuvomera bwana asanamalize kulankhula.

Ntchito yodyetsa ziwetozo aliyense anaikana, kupatula Likongwe. Ameneyu anali mayi wamasiye, wa pakamwa pakuthwa, wodziwika mudzi wonse ndi kuba mazira. Njoka ankazidziwa bwino lomwe, pakuti makolo ake ankalimbana nazo kuyambira kale. Ndipo musaganize kuti anali wachifundo. Dengu likafika ankayamba walawa iye, n'kumati akuteteza ziweto za bwana ku ziphe.

Tsiku lina atakhuthula dengu, anaona kanthu kofiira katakanirira pakati pa nsungwi za pansi. Kanali kambewa kobadwa dzana, kopanda ubweya, maso otseka, kamimba koonekera m'kati. Likongwe anayang'ana uku ndi uku, n'kukaponya m'kamwa. Asanatafune anamva chinthu chikumukoka lilime. Kambewa kaja kanali katayamba kuyamwa.

Mano anakana kutsika. Anayesa kumeza, kukhosi nakonso kunakana. Anakalavulira m'dzanja n'kukayang'ana mokwiya.

"Iwe, ulibe ulemu? Ine ndikukudya, iwe ukundiyamwa?"

Kambewako kanangoyasamula kufunafuna lilime lija. Likongwe anatukwana, anakapana m'khwapa, n'kupita nako kwawo. Panjira ankadziuza kuti kudya kanthu kochepa chonchi n'kuwononga, kayambe kanenepa kaye.

Kulera kambewa kotere si masewera, abale. Anakagoneka m'chikho choyala thonje. Anapita kwa mayi Mbuzi kukapempha mkaka, n'kunama kuti ndi mankhwala a maso. Ankaviika kaudzu mumkakamo n'kudonthezera pakamwa, dontho limodzi limodzi, chifukwa akafulumira mkaka unkatulukira m'mphuno, kamwana n'kuyamba kutsamwa. Akatha kukamwetsa ankakasisita pamimba ndi nthenga yonyowa kuti kataye madzi, monga akadachitira amake ndi lilime. Asanakhale n'komwe pansi kuti apume, kanali katayambanso kulira. Kuntchito ankapita nako m'khwapa kuti kasazizidwe.

Patatha masiku anayi mayi Mbuzi anafunsa, "Kodi anzanga, masowa ndi angati omwa mkaka chikho chathunthu?"

"Matendawa ndi a kumtundu, amafuna wambiri. Kamani, musandichedwetse."

Pokamwetsa ankaimba nyimbo imene anaipeka yekha. Mawu ake anali ouza kamwanako kuti kamwe msanga kanenepe, pakuti lero wakasiya koma mawa akadya ndi mchere, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse ankabwereza za mawa lomwelo motsitsa mawu mpaka kamwana kagone. Kunena zoona inali nyimbo yoopsa, koma ankaiimba mokoma mwakuti amayi opita kuchitsime ankaima kumvetsera. Kamwanako anakatcha Katsala, poti ndiko kanatsala m'dengu.

A Khwangwala anadabwa kuona kuti nkhuku za m'mudzimo zayamba kuswa anapiye, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chibwerere Likongwe. Anaonanso kuti mayiyu akuyenda mkono umodzi utamatirira kunthiti. Anamutsatira, anasuzumira pakhomo, n'kuuluka kukanena.

"Iwe Likongwe," anatero a Nguluwe, "tukula mkono."

"Uti, bwana?"

"Umene sukufuna kutukulawo."

Anatukula, Katsala n'kugwera m'dzanja linalo.

"Kuba katundu wa boma!" anafuula a Khwangwala.

"Sindinabe, bwana. Ndikunenepetsera ziweto zanu. Kanali kochepa, kochititsa manyazi nyumba yaikulu ngati ino."

"Kanenepa mokwana. Kapereke kwa Gondwa pompano, ine ndikuona."

"Masana ano, bwana? Gondwa wa kudambo ndiye amadya masana. Wa nduna amadya m'mamawa, monga amachitira apamwamba onse."

A Nguluwe sanafune kuoneka ngati sadziwa za apamwamba. "Ndimadziwa zimenezo. Ndimangokuyesa. Mawa m'mamawa."

Inali nyengo yachisanu, ndipo Likongwe ankadziwa chimene bwana wake sankadziwa: gondwa akazizidwa sadya, ngakhale umuikire dzira pamphuno. Analawirira, anatseka ndi mphasa pamene pamalowera dzuwa, n'kukhuthulira mtsuko wa madzi a kuchitsime pamene Gondwa anagona. A Nguluwe pofika anapeza chiweto chawo chili gwa ngati chikuni. Likongwe anaika Katsala patsogolo pake n'kuyamba kuimba nyimbo ija chapansipansi kuti mwana asalire. Katsala anakwawa, anagunda mphuno ya Gondwa, n'kugona pomwepo. Gondwa anatsegula diso limodzi n'kulitsekanso.

"Bwanji sakudya?" anafunsa a Nguluwe.

"Akuchita manyazi, bwana. Ndani angatafune nduna ikumuyang'ana?"

A Nguluwe anakweza mphuno, zinawakomera. Koma a Khwangwala anawanong'oneza kuti Mphiri ndiye alibe manyazi, ndipo anagwirizana kuti sabata yamawa kambewako kapite kwa Mphiri.

Sabata imeneyo Katsala anamera ubweya wotuwa, timakutu n'kuimirira. Likongwe ndiye anaonda, chifukwa za kulawa m'dengu zija anali atasiya. Akatola kamodzi ankaona nkhope ya Katsala, njala n'kutha. Kutatsala tsiku limodzi anapita kudambo, anagwira achule anayi onenepa, n'kumupatsa Mphiri mmodzi mmodzi mpaka wachinayi analowa mokakamiza. Njoka ikakhuta choncho imatha masiku osafuna kumva za chakudya. Kutacha Mphiri anali atatupa pakati ngati mtsamiro. Likongwe anaika Katsala patsogolo pake n'kuimbanso nyimbo ija, ulendo uno akukoka kwambiri mawu a mawa aja, ngati akupempha. Mphiri anapuma mwamphamvu kamodzi, n'kutembenuzira mutu kukhoma.

A Khwangwala anapendeketsa mutu. "Bwana, chiweto ichi chatupa bwanji chonchi?"

"A Kapitawo," anatero Likongwe mokweza, "mukufuna ziweto za bwana zizikhala zowonda ngati za amphawi? Kapena mukuti bwana sadyetsa bwino?"

"Wati chiyani, Khwangwala?" anafunsa a Nguluwe.

"Ndati chanenepa mokongola, bwana."

Koma a Khwangwala anasunga chakukhosi. Anauza bwana wawo kuti kwa Nsato zichitike mwadongosolo: chitseko chimangidwe ndi luzi, Nsato asalawe kanthu, Likongwe asapondemo phazi, ndipo tsiku alisankhe iwo eni a Kapitawo. A Nguluwe anavomera, a Khwangwala n'kukakhala padenga ngati mlonda.

Apa ndiye Likongwe anagwira njakata. Madzi sakanatha kuthira, achule sakanatha kulowetsa. Masiku omwewo ndi pamene Katsala anatsegula maso, ndipo choyamba kuchiona inali nkhope ya Likongwe akumutafunira mtedza.

"Amayi," anatero Katsala.

"Sindine mayi ako ine. Ndine wokunenepetsa. Yasamula."

"Chabwino, amayi."

Likongwe anatuluka n'kukalira kuseri kwa nkhokwe, ndipo pobwera anati utsi unamulowa m'maso.

Tsiku ndi tsiku ankadutsa kuseri kwa nyumba ya Nsato ngati akutola nkhuni, n'kusuzumira pamng'alu. Tsiku lina anaona maso a Nsato atachita mbuu, khungu litazilala. Njoka ikafuna kufundula imatero: siona bwino, ndipo kwa masiku angapo sikhudza chakudya ngakhale ili ndi njala yotani. Vuto linali lakuti wosankha tsiku anali a Khwangwala. Likongwe anathamangira kwa iwo n'kudzigwetsa pansi.

"A Kapitawo, chonde, ndagwira mwendo wanu. Sankhani tsiku lililonse, koma lisakhale mawa. Ndipatseni sabata imodzi yokha, kapena ziwiri."

"Chifukwa?"

"Palibe chifukwa. Koma mawa lokha ayi."

A Khwangwala anakonza kolala yawo. "Mawa," anatero, "ndipo ndiitana mudzi wonse."

Mudzi wonse unabweradi. Anamasula luzi, chitseko n'kutseguka. Nsato anali atadzipinda pakona, mulu waukulu wofika m'chiuno mwa a Nguluwe. Likongwe anatsitsa Katsala, amene tsopano anali akuyenda yekha. Anayamba nyimbo ija koma mawu anamuthera pakati, ndipo amayi a kuchitsime aja, poti anali ataizolowera, anaivomera n'kuipitiriza. Katsala anakulira m'khwapa, choncho ankakonda malo opanikizika. Anakwera pamsana pa Nsato, analowa pakati pa mapindo, n'kuyamba kudzipukuta kumaso. Nsato sanagwedezeke n'komwe.

A Khwangwala anayang'ana Nsato, anayang'ana bwana wawo, n'kuzindikira msanga mbali imene kuli chakudya chawo.

"Chozizwitsa!" anafuula. "Taonani ulamuliro wa a Nguluwe! Gondwa anakana, Mphiri anakana, lero Nsato wakana! Pansi pa bwana wathu njoka zalapa!"

Nthungululu zinamveka mpaka midzi ina. Mbiri inafika kwa a Njovu, ndipo pasanathe masiku atatu a Nguluwe anawaonjezera dzina: Nduna ya Mtendere Pakati pa Odya ndi Odyedwa. Iwo analengeza kuti poti njoka zalapa, kuyambira tsopano zizidya maungu. Madengu a Mbewa sanaleke kubwera, kungoti tsopano ankalowera khomo la kuseri, kukhitchini kwa a Nguluwe eni ake.

Katsala anasanduka wotchuka. Akazi a nduna ankabwera kudzamuona atanyamula mtedza wokazinga, ankamusisita pamutu, ena mpaka kukhetsa misozi poganiza kuti kanthu kokongola chonchi kakanadyedwa. Akulira choncho, dengu linkawadutsa kumbuyo, iwo n'kusendera pang'ono kuti onyamula adutse bwino.

"Amayi," anafunsa Katsala tsiku lina, "m'dengumo mukulira chiyani?"

"Ndi nsungwi. Zikauma zimalira choncho. Idya mtedza wako."

Ndiye a Nguluwe analengezanso kuti pakatha masabata awiri mfumu ibwera kudzaona chozizwitsa ndi maso ake, ndipo kambewa kadzalowanso kwa Nsato. Likongwe atamva, anadziwa kuti zavuta. Msampha anautchera yekha, ndipo wokodwa anali mwana amene anamulera ndi kaudzu. Patatha masiku asanu anapeza khungu lakale la Nsato lili pansi, mwini wake akunyezimira, maso ali oyera, lilime likutuluka ndi kulowa.

"Mayi," anatero Nsato, amene kawirikawiri sankalankhula ndi antchito, "dzungu ili mwaikira ndani?"

"Ndi lanu. Akuti munalapa."

"Ine? Liti?"

"Tsiku lija simunkaona."

"Oho. Nanga kambewa kaja kabweranso liti? Fungo lake ndikulimva pakhungu langa lakale, ndipo mwezi wathunthu sindinalawe kanthu."

Kuthawa Likongwe sakanatha, pakuti a Khwangwala ankaona njira zonse ali padenga. Choncho anachita chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire: anapita kukanena zoona.

"Bwana, Nsato sanalape, ankafundula. Gondwa ndinamuthira madzi ozizira, Mphiri ndinamukhutitsa achule. Ndilangeni ine momwe mungafunire, koma mwanayu asalowemo."

A Nguluwe anaseka mpaka kutsokomola. "Wamva, Khwangwala? Nsanje! Akufuna chozizwitsa chikhale chake."

"Nsanje yeniyeni, bwana."

"Mudzi wonse unaona. Mfumu inandipatsa dzina. Iwe ndiwe ndani, wakuba mazira, kuti unene kuti mfumu inalakwitsa? Choka, ukamusambitse mwanayo aoneke bwino."

Apo Likongwe anaona kuti bwana wake sakunamizira. Matamando anawamva masiku ambiri mpaka iwo eni anakhulupirira. Anabwerera kwawo akuganizira chinthu chimenecho.

Tsiku linafika. A Njovu anakhala pabwalo, nduna zonse m'mbali, ng'oma zikulira. Anachotsa khoma limodzi la nyumba ya Nsato kuti aliyense aone. Likongwe anayenda pang'onopang'ono atanyamula Katsala, akuimba nyimbo ija komaliza, ndipo ulendo uno mawu a kudya ndi mchere anawadumpha, anangotsala ndi a mawa okha. Atafika pakati pa bwalo anaima n'kukweza dzanja.

"Pepani mfumu, ndimati mukaone kaye kasanalowe. Mukukaona?"

A Njovu anaweramitsa mutu, anatsinzina diso limodzi. "Kali kuti?"

"Aka, mfumu, pachikhathopa."

"Ine ndayenda ulendo wonsewu kudzaona kadontho?"

"N'zimene akunena anthu kumsika, mfumu. Akuti Nsato anakasiya chifukwa sanakaone. Ine ndinawakalipira. Ndinati ulamuliro wa bwana wanga si wamasewera, ngakhale mutaikamo chinthu chonenepa, chooneka ndi aliyense, Nsato angochinyambita."

"Wanena bwino mayiyu," inatero mfumu. "Ikanimo chooneka."

Bwalo lonse linayang'ana pansi. A Njati anayamba kukanda bondo. A Mvuu anakumbukira kuti akamba awo sanamwe madzi. A Nguluwe analoza a Khwangwala.

"Ine ndikanalowa ndi mtima wonse, bwana," anatero a Khwangwala, "koma ndili ndi mapiko. Adani anu adzati ndinadalira kuuluka. Komanso ulemu waukulu chonchi ndingaulande bwanji kwa mwini chozizwitsa?"

Nthungululu zinayamba. A Nguluwe anaimirira, anakonza nsalu yawo ya unduna, anabayibitsa anthu, n'kulowa akumwetulira. Mantha analibe ngakhale pang'ono, ndipo chimenechi ndiye chomvetsa chisoni.

Nsato sanachedwe. Anawagwira pamphuno n'kuwakulunga kamodzi, kawiri, katatu.

"Akukumbatirana!" anafuula a Khwangwala, anthu n'kuomba m'manja.

Maso a a Nguluwe anatong'oka, misozi ikutsika.

"Taonani, akulira ndi chimwemwe!" Anthu anaombanso m'manja.

Nsato anayasamula n'kuyambira kumutu.

"Chete nonse! Akunong'onezana zinsinsi za boma!"

Ndipo anthu anakhaladi chete mwaulemu mpaka ziboda zakumbuyo zinalowa. Aliyense anaona chimene chachitika, koma panalibe wofuna kukhala woyamba kuchinena.

"Nduna yanga ili kuti?" inafunsa mfumu.

A Khwangwala anayankha, "Ili m'kati, mfumu. Ikupitiriza ntchito."

A Njovu anaganiza pang'ono chabe, chifukwa ludzu la mowa linali litawagwira, n'kugamula kuti pamene pali nduna ndi pamene pali unduna. Anamukweza Nsato pampando, a Khwangwala n'kukhala omulankhulira. Lamulo loyamba la nduna yatsopano linali lakuti madengu akhale awiri pa sabata.

Anthu ali m'kati movina, Likongwe anazemba ndi Katsala. Anaona kuti mwanayu sangakhalenso pafupi ndi nyumba ija, ndipo anaganiza kuti malo ake enieni ndi kwa abale ake. Zinamuwawa kwambiri, koma anamubereka kumbuyo n'kulunjika kumudzi kwa Mbewa.

Anapeza uthenga wa madengu awiri utafika kale. Dengu limodzi linali litadzaza, lachiwiri lili pakati, amayi atakhala chete m'mbali. Woyang'anira anali a Kapuku, mwinimbumba wa pamenepo. Likongwe anagwada patali, poti mbewa zikaona likongwe zimabalalika, n'kufotokoza zonse: sabata imene dengu lija linabwera, ndi kamwana kamene kanakanirira pansi.

"Dengu limenelo linachokera m'mbumba yanga," anatero a Kapuku. "Sabata imeneyo anapereka ndi mlongo wanga. Tamuitanani."

Panabwera mayi wowonda, wa maso ofiira. Anayandikira Katsala, anamununkhiza kumutu, m'khosi, pamimba. Ananunkhiza nthawi yaitali, ndevu zake zikunjenjemera, ndipo Likongwe anadziwa osauzidwa kuti amake ndi omwewa.

A Kapuku nawonso ankayang'ana, koma iwo ankayang'ana ntchafu za Katsala.

"Mwachita bwino kumubweza, mayi. Kwathu kuno mwana wa mlongo wanga ndi wanga, wonena za iye ndine. Ndipo mwafika nthawi yabwino. Dengu ili silikudzaza, ndipo wonenepa chonchi atseka malo a atatu. Chemwali, ndi wako uyu?"

Likongwe anafufuza bodza m'mutu mwake, koma ulendo uno sanapezemo ngakhale limodzi. Mwambo unali wa eni ake, ndipo mwanayo anamubweretsa yekha ndi miyendo yake.

Mayi uja anabwerera m'mbuyo n'kupukuta mphuno ngati wanunkhiza chowola.

"Si wanga."

"Tayang'anitsitsa, chemwali. Makutuwa ndi a kwathu."

"Ndati si wanga, achimwene. Wanga anali wofiira, wopanda ubweya, ndipo maliro ake tinalira kale. Uyu akununkha likongwe thupi lonse. Ndi mwana wa amayi awa, ndipo ana a Likongwe salowa m'dengu lathu."

Anatembenukira kwa Likongwe, osamuyang'ananso Katsala.

"Tengani mwana wanu, amayi. Mupite naye kutali, ndipo njira ino musadzadutsenso. Kukazizira muzimufunditsa, ana otere sachedwa kugwidwa chifuwa."

A Kapuku anang'ung'udza, koma pa mwana wokanidwa ndi mlongo wawo analibe mphamvu. Likongwe anamubereka Katsala n'kunyamuka osatsanzika. Atafika pokhota njira anacheuka. Mayi uja anali ataima pomwe paja, atadziluma dzanja kuti mawu asatuluke.

"Amayi," anafunsa Katsala ali kumbuyo, "amene amandinunkhiza aja ndani?"

Likongwe anayenda kaye mapazi angapo.

"Ndi mayi wina, mwana wanga," anatero. "Wochenjera kuposa ine."

Nthano yanga yaima pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule yekha isanapserere.